Kuperekeza a Khwangwala ku malire a Scotland

Kwa a wapampando ndi a komiti ya mpingo wathu wa ku Edmonton, mu London,

Ndinayamba kudandaula za nkhani iyi Lamulungu loyamba nditabwerako ku ulendo, pakhomo la tchalitchi, kwa a mlembi. Anandiuza kuti ndilembe. Ndinalemba Lolemba lake. Ndinalembanso Pasaka atadutsa, ndi pamene masamba anayamba kuyoyoka m'mitengo. Makope a makalata onsewo ndili nawo, pamodzi ndi timapepala ta ku positi. Yankho silinabwere. Chimene chinandifika ndi mphekesera yakuti Mbewe anatenga minibasi ya mpingo n'kupita nayo ku dansi ya anthu osuta chamba. Choncho ndilemba ulendo wonse monga unayendera, kuti muweruze mukudziwa. Nkhani yake ndi iyi: m'nyumba mwanga muli munthu amene sanaikidwe m'manda. Ali pa jekete yanga yakuda, m'kabati, ndipo ndikufuna mpingo undithandize kumuika.

Munthuyo ndi a Terence, mzungu amene ndinawasamalira zaka zingapo ku nyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito. Ife Amalawi a pamenepo tinkawatchula a Khwangwala chifukwa cha mawu awo. Anabwera atafa ziwalo mbali imodzi. Ndinkawasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwakweza pa makina onyamulira odwala. Zoti anali woimba ndinkangozimva patali. Ine ndinkaona nkhalamba yovuta, yomenya supuni pa chitsulo cha bedi tsiku lonse, yokana kudya ponena kuti firiji ya m'khonde ikulira molakwika. Pansi pa pilo ankasungapo kawailesi kojambulira mawu. Ndikamawameta ndinkaimba chapansipansi nyimbo zathu za ku tchalitchi, iwo n'kumati, "Usasiye, Wyson. Besi yakoyo ndi yokhota, koma yakhotera koyenera."

Tsiku lina anandifunsa mmene timaikira maliro kwathu. Ndinawauza kuti munthu sapita yekha. Timamuperekeza mpaka kumudzi kwake, timaimba njira yonse, ndipo amene anamudwazika amaima pafupi ndi dzenje. Anati, "Ndikadzapita, iwe udzaime pafupi." Ndinavomera. Mawu amenewo ndi amene anandikweza m'minibasi.

Atamwalira panapita milungu ingapo kuli zii. Sindinadabwe, chifukwa kuno maliro amakhalitsa ku mochale. Kenako anandiimbira foni a Colin, mnzawo wakale amene ankaimba ng'oma m'gulu lawo. Anati Loweruka akumutengera Terence kwawo, ku malire a Scotland, ndipo akusowa galimoto yaikulu. Ndinapempha minibasi, ndipo chilolezo chimene a wapampando anasaina ndili nacho. Ndinachotsa mipando yakumbuyo, ndinayala bulangete latsopano. Ndinapempha Mayi Nachisale, amene timagwira nawo ntchito ndipo mumawadziwa ku kwaya, kuti asinthe shifiti atsagane nane, poti maliro sayenda opanda oimba. Ndinatenganso pasipoti ndi makalata anga onse a ku ofesi ya imigireshoni ku Croydon. Malire ndimawadziwa ine. Ndinagonapo pa Mwanza chifukwa cha chidindo chimodzi.

Tinanyamuka ku Edmonton m'mawa kukuzizira. Msewu wopita ku Wembley unali utadzaza kale, ndipo kumeneko tinapeza bwalo la mpira likumangidwanso, misewu ina yotseka, mpaka tinadutsa pa golosale imodzimodzi mobwereza. A Colin anati tikumane kuseri kwa nyumba ina yosungiramo katundu. Ndinadabwa kuti si ku mochale. Nditawaona ndinadabwa koposa: munthu wa msinkhu wanga, tsitsi la imvi atalimanga kumbuyo, jekete yachikopa, nsapato zofiira. Zofiira, pa maliro a mnzawo! M'manja anali ndi jumbo, ndipo m'jumbomo munali chitini cha mabisiketi.

Pambuyo pawo panatuluka a Tembo, bambo a ku Lusaka amene amagwira ntchito pamalopo, akukankha bokosi lakuda lalitali, la zitsulo m'makona ndi timatayala pansi, lomatidwa timapepala tamitundumitundu. Ndinavula chipewa. Mayi Nachisale anayamba nyimbo. Bokosilo linali lalifupi pang'ono, koma a Terence anali atafota, ndipo ndinati mwina azungu oimba amaikidwa m'mabokosi otere. Polikweza, a Tembo analikankha ndi bondo.

"Pang'onopang'ono, achimwene," ndinatero. "Si thumba la chimanga ili."

"Ah, ba mudala, ni yolimba iyi," anayankha. "Olo igwe pa masitepu, siimvela kanthu."

Ndinati mumtima, anthu a ku Lusaka mwambo anautaya.

Tinalowa msewu waukulu wopita kumpoto. Mayi Nachisale anakhala pambali pa bokosi, dzanja lili pamwamba pake, akuimba. A Tembo anakhala mbali inayo akudya mtedza. A Colin anakhala kutsogolo ndi ine, chitini chili pamiyendo, akuchiimba ndi zala motsatira nyimbo ya mayiwo. Ndinafuna kuwaletsa, koma ndinati ndi namfedwa, asiyeni. Titadutsa Luton mvula inayamba, ndipo pa malo ena amene ankakonza msewu tinayenda ngati tikutsatira ngolo. M'menemo ndi mmene a Colin anayamba kufotokoza mbiri ya malemu. Ankalankhula Chingerezi, koma ndalemba m'Chichewa kuti a komiti onse amve.

A Terence anali mwana wa m'busa wa nkhosa. Ali mnyamata, woyendetsa lole wina anawalizira zimbale za anthu akuda a ku America, nyimbo zodandaula zija amati bulusi, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhosa anazitaya mumtima. Anabwera ku London ndi gitala imene ankailiza ndi khosi la botolo pachala. Anasonkhanitsa anzawo, ndipo chimbale chawo choyamba chinagulidwa bwino mpaka kumveka pa wailesi. Eni kampani anati apange china chofanana nacho. Iwo anatenga gulu lonse n'kukalowa nalo m'thanki yaikulu yopanda madzi, pamodzi ndi makina osakanizira simenti, n'kujambula nyimbo m'menemo.

"Ng'oma zanga anazithira miyala," anatero a Colin. "Akuti zinkamveka zaulemu kwambiri."

"Inu munalola?"

"Terence sankafunsa. Tsiku lina holo itadzaza, anafulatira anthu n'kumangoliza chingwe chimodzi, chimodzi chomwecho, mpaka onse anatuluka akutukwana. Atatsala osesa okha, anatembenuka n'kuwaimbira bulusi yokoma, moti mayi wina analira atatsamira tsache."

Ndinayang'ana bokosi pagalasi. Munthu amene ndinkamudyetsa phala ndi supuni! Ndinati, Ambuye, mulandireni mmene alili.

Chakufupi ndi Leicester tinaima pa malo opumira. Tiyi wa pamenepo mtengo wake ndi wa nkhuku yamoyo, ndiye tinamwa wathu wa m'fulasiki. Ine ndinakana kutuluka, poti maliro sasiyidwa okha pa malo oimika magalimoto. A Colin popita kuchimbudzi anapatsa Mayi Nachisale chitini chija kuti awagwirire.

"Bambo Mbewe, azungu awa ndi aumbombo," anatero mayiwo. "Kuchokera ku Wembley angowakumbatira mabisiketi, osapatsako anzawo olo imodzi. Achita kumata ndi selotepi."

Anachiika pampando n'kusanjikapo makapu athu. Tinamwera tiyi pamenepo.

Titadutsa Sheffield, chakufupi ndi Doncaster, ndinamva fungo la mphira wopserera, kenako phokoso ngati chikwapu. Lamba wa injini anali ataduka. Ndinaimika m'mbali mwa msewu, ndinaimbira foni okoka magalimoto, ndipo anati tidikire. Lamulo la kuno ndi lakuti onse atuluke akaime kuseri kwa chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Tinatuluka, mvula ikutikwapula, malole akutiwaza madzi. Mtima unkandipweteka kuti malemu tawasiya okha. Tinadikira mpaka mapazi anachita dzanzi. A Tembo ndiye anati ali ndi lona woti tifunde. Ndinawaona akukwera m'minibasi, akugwada pa bokosi, akutsegula zotsekera zake, khwa, khwa.

"Mayo ine!" anakuwa Mayi Nachisale.

Ndinalumpha chitsulo chija, pa msinkhu wangawu, n'kuwagwira a Tembo pakolala. Koma chivundikiro chinali chitatseguka kale. M'bokosimo munali sipika yaikulu ngati mtondo, mawaya, batire la galimoto, wailesi ya kaseti, ndi lona wopindidwa bwino.

"Maliro ali kuti?" ndinafunsa.

A Colin anandiyang'ana modabwa. Kenako anakweza jumbo ija.

"Terence ali muno. Tinamuwotcha mwezi watha. Sanakuuzeni kuntchito?"

Sanandiuze. Palibe pepala lililonse limene ndinalandira, ndipo ndikanalandira ndikanalisunga. Ndakhalitsa m'dziko muno, ndikudziwa kuti ambiri amawotchedwa. Koma chitini cha mabisiketi! A Colin anati anachisankha okha malemu, chifukwa chivundikiro chake chinkalira bwino.

Mayi Nachisale anakhala pansi pa udzu wonyowa. "Ndiye tiyi uja," anatero, "ndinawasanjika pamutu?"

A Tembo anaseka mpaka anagwira tayala. "So kuchoka ku Wembley mwenze kuimbila sipika? Ine n'naona monga ni mwambo wa ku Malawi, kuimba chabe mu motoka. N'nakamba ati iyi journey izawama!"

"Sekani, a Tembo," ndinatero. "Tsiku lanu likadzafika tidzakuimbirani wailesi."

Ndinafuna kubwerera. Ndinanena poyera kuti minibasi ya mpingo ndinaipempha kuti inyamule maliro, osati zida za gule. Mayi Nachisale anadzuka, anakung'untha udzu, anamasula chitenje chawo cha m'chiuno n'kulanda jumbo kwa a Colin.

"Bambo Mbewe, munalonjeza," anatero. "Kaya bokosi, kaya chitini, munthu ndi yemweyo."

Anachikulunga bwinobwino n'kuchifungatira. Kuyambira pamenepo a Colin sanachiimbenso ndi zala.

Wokoka galimoto anafika dzuwa litapendeka, ngati linalipo kuseri kwa mitambo. Anatipititsa ku galaja ina ya ku Doncaster. Lamba woyamba amene anabwera naye makaniko anali wamfupi. Anakatenga wina, ndipo ameneyo anali wa minibasi ya mtundu wina. Tinakhala pa mipando yapulasitiki m'kachipinda konunkha girisi, pafupi ndi makina ogulitsa khofi amene anameza ndalama ya a Tembo n'kutulutsa kapu yopanda kanthu. M'menemo a Colin anamaliza mbiri ija, tsopano ndi mawu otsika.

Kampani inawachotsa. Gulu linabalalika, ndipo a Colin anayamba kuyendetsa takisi. A Terence anapeza ntchito yotsuka mabasi, n'kumajambula phokoso la maburashi ake. Patapita zaka, achinyamata oimba a m'mayiko ena anayamba kuwafunafuna. Ankati chimbale cha m'thanki chija ndi chimene chinawaphunzitsa kuimba, ndipo anawapempha kuti abwererenso pa nsanja. Anakana. Anawauza kuti makina otsukira mabasi anamaliza kale zimene iwo ankafuna kunena.

"Tinakhala zaka zambiri osalankhulana," anatero a Colin. "Ndinkati anandiwonongera moyo ndi miyala yake ija. Ndinangopita kukamuona kumapeto. Sanapepese. Anangondiuza za munthu wina wa besi amene amamumeta."

Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete yachikopa ija. Nsapato zofiira ndinawakhululukira pamenepo.

Lamba woyenera anati afika m'mawa, choncho tinagona ku nyumba ya alendo. A Colin ankafuna kusiya chitini m'minibasi, ku galaja. Ndinakana. Malemu anagona m'chipinda changa, pampando, nyali ili chiyakire.

Kutacha tinapitiriza. Tinadutsa Newcastle, kenako nyumba zinatha, kunatsala mapiri ndi nkhosa. A Colin atanena kuti malire ayandikira, ndinauza onse kuti akonze mapepala. Ndinaimika minibasi pamwamba pa chitunda, ndinatuluka ndi envulopu yanga. Panali mwala waukulu wolembedwa dzina la dziko, ndi ngolo yogulitsa masoseji. Basi. Panalibe chipata, panalibe msilikali, panalibe wa chidindo. Ndinaima ndi pasipoti m'manja, wosowa womuonetsa.

"Muonetseni wa masoseji, ba mudala," anatero a Tembo.

Tinakhotera m'kamsewu kafumbi mpaka pa phiri limene bambo awo a malemu ankadyetsapo nkhosa. Tinapeza anthu ochepa akudikira, ena okalamba a tsitsi lalitali, ena achinyamata. Pa nkhani ya chamba: ndinaona nkhalamba imodzi ikusuta chinthu chimene sindinachifufuze, ndipo ndinaima kutali nayo. Dansi kunalibe. Koma kunalibenso dzenje, kunalibe khasu, kunalibe m'busa wa mpingo. Ndinafunsa a Colin kuti manda ali kuti. Anandilozera a Tembo, amene anali kugoneka sipika ija chagada pa udzu n'kulumikiza mawaya ku batire.

Sindinamvetse mpaka pamene a Colin analandira chitini kwa Mayi Nachisale, anachotsa chitenje, anadula selotepi, n'kukhuthulira phulusa lonse pakamwa pa sipika ngati mayi akukhuthula ufa m'lichero. Mayi Nachisale anagwira pakamwa. A Colin anati zimenezi ndi zimene malemu analamula: kuti achoke m'dziko atakwera nyimbo yawo yomaliza, imene anajambula ali pabedi.

Anthu onse anabwerera m'mbuyo. Ine ndinasendera kutsogolo, ndi buku la nyimbo m'manja. Dzenje kapena ayi, ndinalonjeza kuima pafupi.

A Tembo anayatsa kaseti. Poyamba kunamveka kulira kwa firiji ya m'khonde mwathu, ndinaizindikira. Kenako supuni pa chitsulo cha bedi. Kenako makina onyamulira odwala, ndi gitala yapatalipatali. Phulusa linayamba kunjenjemera. Ndiyeno kunabwera mawu a munthu, akuimba chapansipansi nyimbo imene timatsekera nayo mapemphero a Lachitatu.

Anali mawu anga.

Ankandijambula nthawi zonse zija ndikuwameta. Sanandipemphe, ndipo sindinasaine paliponse. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo, koma besi yanga inatsika m'sipikamo, ndipo phulusa lonse linadumpha m'mwamba nthawi imodzi, ngati gulu la mbalame zodzidzimuka. Linaima pang'ono m'malere. Kenako mphepo inatembenuka. Lambiri linapita ku mapiri, koma lina linabwera kwa ine. Linandigwera pamapewa, pachifuwa, m'matumba ndi m'mizere yonse ya jekete.

Anthu aja anawomba m'manja. Kuwomba m'manja, pa maliro! A Tembo anathamanga.

"Imani so, ba mudala, nikupukuteni."

Mayi Nachisale anawamenya dzanja. "Musawakhudze! Ameneyo ndi munthu, si fumbi."

A Colin anabwera misozi ili mbwembwembwe. Anati, "Anadziwa kumene mphepo ya phiri lino imalowera, Wyson. Anakulira pano."

Ndinavula jekete pang'onopang'ono, ndinaipindira mkati, ndipo Mayi Nachisale anaikulunga m'chitenje chomwe chija. Kenako tinaimba nyimbo ya maliro, awiri tokha, mpaka kumapeto kwake. A Tembo anavula chipewa pa ndime yachiwiri. Ndinayendetsa kubwerera ku London ndi malaya okha, mano akugundana, jekete ili pamiyendo pa Mayi Nachisale. Minibasi ndinaibweza yotsuka, mipando ili m'malo mwake, ndi lamba watsopano. Risiti ya ku galaja ndaiphatika pa kalata ino.

Lamulungu lija nditafotokozera a mlembi zonsezi, anaseka n'kunena kuti, "Bambo Mbewe, ingopitani nayo ku dry cleaner." Mawu amenewo ndinawalemba tsiku lomwelo kuti ndisawaiwale. Ndikufunsa a komiti: ndani wa inu angatumize munthu amene anamudwazika kuti akachapidwe ndi sopo n'kutayidwa m'ngalande? Mayi a kunyumba kwanga safuna kutsegula kabati imeneyo. Adzukulu anga amafunsa m'Chingerezi ngati mzungu wa m'kabati wadya. Ine ndikadutsa pa chitseko chake ndimapeza ndavula chipewa.

Sindikunena kuti a Terence anali membala wathu. Sindikunenanso kuti nyimbo zawo ndimazimvetsa, chifukwa a Colin ananditumizira chimbale cha m'thanki chija, ndipo ndinaganiza kuti wailesi yanga yawonongeka. Ndikungonena kuti munthu ameneyu, pa nyimbo zonse za m'dziko lapansi, anasankha kuchoka atakwera nyimbo ya mpingo uno, ndipo gawo lake lina anandisiyira ine. Kamalo ndapeza kale ku manda a kuno ku Edmonton, kumene amaikako phulusa, ndipo pepala lake lili m'manja mwanga. A Colin avomera kubwera ndi nsapato zakuda. A Tembo akuti adzakumba. Ndingathe kupita ndekha, koma ndinawauza malemu kuti kwathu munthu sapita yekha, ndipo sindikufuna kuti ndikhale ndinawanamiza.

Choncho ndikupempha mwaulemu kuti komiti ikambirane nkhani iyi pa msonkhano wake wotsatira, ndipo indiyankhe molemba ngati abusa, akulu ampingo ndi amayi a kwaya adzabwere kudzaika jekete imeneyi ndi pemphero, ndiponso tsiku limene angabwere. Ngati yankho ndi lakuti ayi, lilembedwenso, ndi chifukwa chake, ndi dzina la wosaina. Kufikira mutayankha, ndizibwera ku tchalitchi ndi juzi, ndipo aliyense wondifunsa ndidzamuuza zoona, kuti jekete yanga idakali pa maliro.

Ine wanu mwa Ambuye,
Wyson Mbewe